Nsomba Zovala Ulusi za ku Kanyama

Chaka chomwe makampani a boma ankagulitsidwa ngati tomato wamadzulo pa msika wa Soweto, Ba Benedict a ku Kanyama anali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti akapumule kunyumba. Kupumula kwake kotani munthu asanatope? Anzawo omwe anadulidwa nawo ntchito anathamangira kugula mawilibala, ena anakhoma tuntemba, timaokala togulitsiramo, m'mbali mwa msewu, ena anangoyamba kumwa ndipo mpaka lero sanamalize. Koma Ba Benedict anali munthu wa masamu. Ku sekondale ankakhoza alijebula mpaka aphunzitsi kuwaopa, ndipo ku kampani kuja anakhala zaka zambiri mu ofesi ya mapulani, akulosera ndi zilembo ndi manambala zinthu zimene sizinachitikepo ndi kamodzi komwe. Munthu wotere simungamuuze kuti akhale pa kantemba n'kumagulitsa makandulo.

Choncho nyumba inatsala pa mutu pa akazi awo, Ba Sophia, amene ankagulitsa salaula, zovala zakale za m'mabelo zija. Ndiwo ankagula ufa, ndiwo ankagula makala, ndiwo anadula nyumba pakati n'kuikamo alendi, anthu olipira lendi, kuti mwezi uzitha bwino. Sananyoze amuna awo ndi tsiku limodzi lomwe, koma Ba Benedict zinkawawawa kudya chinthu chimene sanaikepo dzanja. Izi ndinene poyera, chifukwa zopusa zonse zikubwerazi zinachokera pa bala limeneli.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali chidzenje. Kanyama yonse inakhala pa mwala, ndipo amayi ophwanya miyala anakumba pamenepo mpaka anakumana ndi madzi, n'kusamukira kwina. Madziwo sankauma ngakhale mu Okutobala. Anthu ankatayamo zitini ndi amphaka akufa, koma Ba Benedict atayang'ana anaona damu. Anavuulamo zinyalala zonse okha atapinda buluku la suti ya ku ofesi, kenako anakwera minibasi kupita ku Kafue n'kubwerako ndi ndowa ya tiana ta nsomba, atanyowetsa mpando wonse wakumbuyo ndi kondakitala yemwe. Ankazidyetsa gaga ndi masese a ku tavani. M'mawa uliwonse ankaima m'mphepete atamanga tayi, manja kumbuyo, ngati bwana woyendera antchito ake.

Mvula itadutsa kawiri, kunabwera nkhani ya Tiwo, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anamuona mnyamata wina wokonza magalimoto ku Matero, dzina lake Mathews Mutale, Mbemba weniweni, ndipo akwawo anatumiza amalume ake, Ba Sampa, kudzakamba za ukwati. Tsono apa pali chimbuya. Abemba ndi anthu a kummawa amanyozana mwachibale kuyambira kalekale: awa amati inu mumadya mbewa, awo amati inu mumadya anyani, onse n'kuseka, palibe wokwiya. Bambo awo a Ba Benedict anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo kwa Mbemba zimenezo n'zokwanira, munthu wa mbewa basi.

Zokambirana zitatha bwinobwino, nkhani inafika pa chilanga mulilo, tsiku lija amayi a kuchikazi amaphika zakudya za mtundu uliwonse n'kuzinyamula pamutu ndi ng'oma kupita nazo kwa mkamwini. Ba Sampa, munthu wa mimba yabwino ndi mawu ochuluka, anapempha mwaulemu kuti mbewazo azidzazidula michira chifukwa mwana wawo sanazolowere. Anthu anaseka. Apa Ba Benedict anayenera kungofunsa ngati nyani amamuwotcha ndi ubweya womwe, nkhani n'kutha. Koma Ba Sampa, mosaganiza choipa chilichonse, anawonjezera funso loti kodi atate a mwana adzaponyamo chiyani m'mabeseni, kapena zonse zidzatuluka mu belo la salaula. Mawu amenewo analasa pa bala penipeni. Ba Benedict anaimirira, nakonza tayi.

"Beseni ya nsomba za fuleshi, yozula mpaka kutayikira," anatero. "Za mu damu yanga ine, osati zogula. Mukapezamo imozi ya pa msika, munitane mbewa mpaka nikafe."

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Alendo atangopita, Ba Sophia anafunsa funso laling'ono, loti m'damumo muli nsomba zingati. Madzi a ku Kanyama simungaone chala chanu chomwe mukachiviika, ndipo nsomba sizifola pa mzere kuti muziwerenge. Munthu wina akanachita mantha. Iwo anasangalala ngati mwana wopatsidwa nsapato za Khirisimasi, chifukwa kwa nthawi yoyamba chichokereni ku ofesi anali ndi chinthu chosadziwika chofunika kuchipeza, ndipo chinthu chosadziwika dzina lake ndi x.

Anatenga makatani akale a leshi mu belo la akazi awo, nawalumikiza kukhala ukonde. Anaphwasula juzi yofiira ya ana n'kupeza ulusi. Kenako anaitana Ba Rex, mnzawo wa nyumba yoyandikana, wopanga mbaula ndi zitsulo zakutha, kuti agwire mbali ina ya katani. Anakoka, nagwira nsomba 40, ndipo iliyonse Ba Benedict anaiboola ndi singano pa chipsepse cha kumchira, naimanga kaulusi kofiira, naibwezera m'madzi. Ba Rex sanafunse kanthu. Kwawo anaphunzitsidwa kuti munthu akadulidwa ntchito n'kuyamba kuveka nsomba, umangomuthandiza mwachifundo.

Nsombazo zitasakanikirana ndi zinzake, anakokanso. Ulendo uno munatuluka 30, ndipo mwa izo zisanu zinali ndi ulusi. Ba Benedict anatola khala pa mbaula, napita pa khoma la bafa. Ngati pa nsomba 30 zilizonse zisanu n'zovala, anatero akulemba, ndiye kuti zovala 40 zija zili pakati pa khamu lalikulu mofananamo. Choncho x ndi 40 kuchulukitsa ndi 30, kugawa ndi 5. Yankho linatuluka loyera ngati dzino: 240. Anabwerera m'mbuyo kuti aliyang'ane bwino, ndipo misozi inalengeza. Khoma la bafa limenelo silinalemekezedwepo chotero.

Koma katani sikokedwa mobisa. Komboni yonse inali itaona nsomba zonenepa zikuphiriphitha pa udzu, ndipo anali masiku omwe ndiwo zinali kabichi lero, kabichi mawa, Lamlungu soya. Maso anayamba kutembenukira ku damu. Ba Benedict anaganiza kuti kuli bwino kupatsa anthu malire kusiyana ndi kuwasiya azibe, komanso, tisanamizane, ankalakalaka anthu oti awaphunzitse. Anaitanitsa msonkhano Lamlungu anthu atatuluka m'matchalitchi, aliyense nabwera ndi kampando kake n'kukhala moyang'ana bafa.

Anaphunzitsa mpaka dzuwa linapendeka. Anati dzinja lililonse nsomba zimawonjezera theka la chiwerengero chawo, mutachotsa zodyedwa ndi mbalame. Zimene anthu angachotsemo anazitcha y. Analemba zazikulu kuti x + x/2 − y = x, nafotokoza kuti ngati mukufuna damu likhale momwe lilili chaka ndi chaka, y asapitirire theka la x, kutanthauza nsomba 120. Mukapitirira, damu limayamba kuonda. Ndipo likadzatsika pansi pa 60, palibe munthu wololedwa kuviikamo mbedza mpaka libwerere mwakale. Apa anakweza chala n'kulumbira kuti lamuloli silidzaphwanyidwa, kaya kugwe maliro, kaya kubwere ukwati. Mai Chalwe, ogulitsa vitumbuwa, anayankha kuti ameni, chifukwa kwa iwo munthu akakweza chala ndiye kuti walalika.

Zinatsala n'kugawa. Pa 120 paja, 60 anazipatula kuti zikhale za beseni la Tiwo, ndipo nyumba yawo sidzakhudzanso ina. Zotsalazo n'za anansi. Anabwereka makwerero a Ba Rex, nakwera pa denga, nawerenga madenga onse ozungulira damu, kuloza limodzilimodzi pakati pa matayala ndi miyala yopsinjira malata. Anapeza 20. Anatsika n'kulengeza kuti nyumba iliyonse itenge nsomba zitatu, osapitirira. Anthu anaomba m'manja mwamphamvu, ndipo munthu wochenjera akanadabwa kuti manja ochuluka chotero akuchokera kuti.

Za ulusi palibe amene anafunsa, chifukwa panalibe chofunsa. Ku Kanyama nkhuku yomangidwa kansanza pa mwendo ili ndi mwini wake, ndipo ngakhale mbala imaizemba. Anthu ataona nsomba za ulusi wofiira anamvetsa okha kuti izi n'za Ba Benedict, ndipo anagwirizana chamumtima kuti munthu wabwino chotere sangamulakwire. Mbedza ikakola ya ulusi, ankaimasula mosamala, ena mpaka kuipepesa, n'kuibwezera m'madzi.

Miyezi imeneyo Ba Benedict ankayenda ngati nduna. Aliyense wokumana nawo ku damu ankawaonetsa zala zitatu, iwo n'kugwedeza mutu mokhutira. Nkhope zina zinali zachilendo, koma ku Kanyama nkhope zimakhala zachilendo nthawi zonse, wina wasamuka dzulo, wina wafika lero ndi matiresi pamutu. Madzulo aliwonse fungo la nsomba yokazinga linkadzaza komboni, iwo n'kulikoka ndi mphuno ziwiri zonse n'kunena kuti ameneyo ndi y akununkhira. Ba Sophia anayesa kunena kuti fungolo likuwachulukira, kuti nsomba 60 sizinganunkhire kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Anayankhidwa kuti alijebula sayendera mphuno. Anangoti chabwino, n'kupitiriza kusita malaya a anthu ena.

Sabata ya chilanga mulilo inafika. Tiwo anali atatsekeredwa kale m'chipinda ndi alangizi, amayi ophunzitsa za banja, ndipo pakhomo panali piringupiringu wa azakhali, mapoto obwereka ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Ba Benedict anati ayambe awerenganso kaye, mwa mwambo chabe, asanachotse 60 zawo. Anagwira katani ndi Ba Rex, nakoka.

Yoyamba inali ndi ulusi. Yachiwiri inali ndi ulusi. Anaseka n'kunena kuti zovalazo zimakonda kuyendera limodzi. Pofika pa yakhumi kuseka kunali kutatha, ndipo pamene anatola yomaliza, ya 25, nayonso ili ndi kaulusi kake kofiira, anakatenga khala. Anapita pa khoma la bafa. 40 kuchulukitsa ndi 25, kugawa ndi 25. Khala linalemba 40. Analitaya, natola khala lina, ngati kuti loyambalo ndilo linali ndi kaduka. Nalonso linalemba 40. Anayesa kuyambira kumanja kupita kumanzere, anayesa atavula magalasi, anayesa atavalanso. Abale inu, masamu alibe chisoni. M'damu lonse munatsala nsomba zimene iwo anaveka ndi manja awo, ndipo 200 zinali zitapita kosabwerera.

Anatembenukira Ba Rex n'kunena mawu amene sananenepo chibadwire, akuti komboni ino ndi ya mbala. Ba Rex anakhumudwa kwambiri. Anagwetsa katani, napita pakati pa njira, namenya chitsulo cha mbaula mpaka anthu anasonkhana. Kenako analamula kuti aliyense amene anatenga nsomba zopitirira zitatu akweze dzanja. Palibe dzanja linakwera. Analamula kuti amene anadyapo ya ulusi akweze dzanja. Anthu anayang'anana monyansidwa ndi funsolo. Pomaliza anati nyumba iliyonse imene inatenga zitatu zake zololedwa ikweze dzanja, ndipo manja anaphuka ngati chimanga cha m'dambo.

"Mwaona, ba Benedict?" anatero Ba Rex. "Lamulo yanu sitinaphwanye. Zanu zonse zilimo, palibe na imozi inasowa. Tenze kuganiza muzatiyamika."

Ba Benedict anayamba kuwerenga manjawo, koma analekera panjira, chifukwa anali ataona kale chimene chinachitika. Pansi pa denga la Ba Rex panali zitseko zisanu, chilichonse ndi mbaula yake ndi banja lake, kuphatikizapo apongozi awo a Ba Rex ogona m'kashedi kowotcherera zitsulo, amenenso anadziwerengera kuti ndi nyumba. Pansi pa denga la Mai Chalwe panali zinayi. Ndipo kutsogolo kwenikweni, atakweza manja monyadira, kunali alendi awiri a Ba Benedict omwe, anthu ogona kuseri kwa khoma la chipinda chawo, amene kutsokomola kwawo ankakumva tsiku ndi tsiku. Munthu anakwera pa denga kukawerenga malata a eni ake, osadziwa kuti pansi pa mapazi ake pomwepo pali nyumba zitatu. Panalibe woti amukalipire. Anapepesa kwa Ba Rex, anthu n'kubalalika akudandaula kuti ophunzira sayamika.

Tsono nkhani inaima motere. Nsomba zatsala 40, ndipo lamulo lawo lomwe, lolembedwa pa khoma lawo lomwe, likuti pansi pa 60 palibe kukhudza, kaya maliro kaya ukwati. Akazisiya, damu lichira pakapita madzinja angapo, ndipo iwo adzakhalabe munthu wokhala ndi kopita m'mawa. Koma Loweruka amayi adzanyamuka ndi mabeseni a nkhuku, nyemba, chikanda ndi zina zonse, popanda kanthu kamodzi kochokera kwa atate a mwana. Akazitenga, beseni lipita ku Matero, damu n'kufa.

Ba Sophia anabwera mwakachetechete n'kunena kuti angathe kulawirira ku Soweto, kukagula za ku Kafue zili m'madzi oundana, ndipo Ba Sampa sangazindikire chifukwa Mbemba akaona nsomba safunsa za makolo ake. Ba Benedict anakana. Sikuti ankaopa kutchedwa mbewa ayi. Ankadziwa kuti beseni limenelo lidzakhalanso lotuluka mu belo la salaula, monga mmene Ba Sampa ananenera, ndipo ngakhale dziko lonse lisadziwe, iwo adzadziwa.

Anakhala pa njerwa pansi pa windo la chipinda chomwe Tiwo anatsekeredwa, mutu uli m'manja. Sankadziwa kuti mwanayo akuwaona pa mpata wa katani. Alangizi atatuluka kukatunga madzi, anamva mawu otsika kumbuyo kwawo.

"Batata, zisiyeni chabe nsomba zanu. Ba Sampa bazaseka siku imozi, basi vasila. Ine niziba kuti munayesa."

Akanakhala kuti mwanayo walira kapena wakalipa, mwina akanalimba mtima n'kumuwerengera lamulo. Koma mawu akuti munayesa anawapyoza. Ndi mawu amene amauzidwa mwana wolephera mayeso. Anaona kuti mwana wawo wazolowera kusayembekeza kanthu kwa iwo, ndipo wazolowera mwachikondi, mopanda dandaulo, zimene zinawawa kuposa chipongwe chilichonse cha Mbemba.

Lachisanu m'mawa anavula tayi, naipachika pa msomali, naitana Ba Rex ndi katani. Ba Rex anapereka nzeru yoti atenge theka, theka asiye. Ba Benedict anati mapanga awiri avumbwitsa: nsomba 20 sizidzaza beseni, ndipo 20 zotsalazo mbalame zidzamaliza mvula isanagwe. Anthu anasonkhananso m'mphepete, chifukwa ku Kanyama chionetsero chaulere sichisowa oonera. Mai Chalwe, amene ulaliki wa pa bafa unawalowa mpaka m'mafupa, anakumbutsa mokweza kuti mwini wake anati kaya maliro kaya ukwati.

"Ninakamba, mai Chalwe, ndipo masamu siyananame," anayankha Ba Benedict ali m'madzi mpaka m'chiuno. "Koma x alibe mwana mukazi. Ine nili naye."

Anakoka tsiku lonse. Nsomba zimene zinakhala miyezi yonseyi zikukoledwa ndi kupepesedwa zinali zitachenjera kuposa maloya, ndipo zinkadumpha katani ngati ana a sukulu pa mpikisano. Ba Rex anaterereka n'kumira mpaka chipewa chokha chinatsala chikuyandama. Alendi awiri aja analowa kudzathandiza, kenako apongozi a m'kashedi, kenako theka la komboni, onse akukuwizana ndi kupondana m'matope. Yomaliza anaigwira Mai Chalwe ndi chitenje chawo, atayiwala za lamulo. Zonse zinakwana 40 ndendende, ndipo Ba Rex, akulavula matope, anapempha kuti anthu aone okha kukhulupirika kwa Kanyama.

Beseni lomwe linakonzedwa linali la nsomba 60, ndipo 40 zinangofika m'khosi. Ba Sophia analiyang'ana, nayang'ana amuna awo, napita kwa anansi n'kubwerako ndi beseni lina locheperapo. Umo zinadzaza mpaka kutayikira, monga mmene zinalonjezedwera. Azakhali anafuna kudula ulusi asanakazinge, koma mkulu wa alangizi anati ausiye, chifukwa sanaonepo nsomba zodzikonzekeretsa zokha kupita ku ukwati.

Loweruka ng'oma zinalira, amayi anavala zitenje zofanana, nasenza mabeseni okulungidwa bwino, nayamba ulendo wa ku Matero akuimba ndi kuvina mpaka pokwerera minibasi. Za kumeneko tinamva pambuyo pake. Akuti Ba Sampa atavundukula beseni anati anthu a kummawa afika patali, mbewa zawo tsopano zimasambira ndipo zimavala maliboni. Akuti anadya zinayi.

Koma mwambo wake ndi wakuti mkwatibwi sapita nawo, ndipo atate ake alibenso malo pa ulendo wa amayi. Ng'oma zitazimiririka, pakhomo panatsala zii, phulusa la moto waukulu, nthenga za nkhuku ndi anthu awiri. Ba Benedict anakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba akuyang'ana madzi. Palibe chinkagwedezeka m'menemo koma achule. Anachita chimene anafuna kuchita ndipo sanadandaule, koma mtima unali wolemera, chifukwa sankadziwa kuti Lolemba adzadzukira chiyani.

Anamva mapazi. Tiwo anatuluka atadzifunda chitenje mpaka kumutu monga amachitira akwatibwi, akuyang'ana uku ndi uku ngati alangizi angatulukire mu bafa. M'manja anali ndi mbale yovundikira. Anagwada, naiika pa njerwa ina patsogolo pa atate ake, navundukula. Munali nsomba imodzi yokazinga, kaulusi kake katapserera ndi mafuta.

Ba Benedict anafunsa kuti imeneyi yachokera kuti. Tiwo anati anaiba mu beseni pamene azakhali ankakangana za mchere. Anati Kanyama yonse, mpaka apongozi a Ba Rex, ikudziwa kukoma kwa nsomba za m'damu limeneli, kupatula munthu mmodzi amene anazinyamula pa minibasi. Anawathirira madzi m'manja. Iwo ananyema pang'ono, naika m'kamwa, natafuna nthawi yaitali.

"Imvekera matope," anatero.

"Zonse zenze choncho, batata. Bantu benze kuyopa chabe kukuuzani."

Ba Benedict anaseka mpaka anatsamwa, ndipo posakhalitsa kusekako kunasanduka china, moti anavula magalasi n'kumapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. Tiwo anafuna kubwerera m'chipinda, koma anamugwira chitenje n'kumuuza kuti akhale. Anagawa nsombayo pakati, mnofu wa kumsana anakankhira kwa mwana, iwo natsala ndi mutu. Anadyera mbale imodzi pamenepo kuseri kwa nyumba. Ba Benedict ankadya pang'onopang'ono, akusankha minga ngakhale pamene panalibe minga, chifukwa ankadziwa kuti mbale ikatha mwanayo anyamuka.